Mzere Wanga, Mzere Wako

Dzina lakuti a Sinakhwime anawapatsa ndi mavenda. Venda akafika pamunda pawo ndi matumba ake, mayiwa ankafukula mbatatesi imodzi ndi dzanja, n'kuipukuta pansalu, kenaka n'kuikanda ndi chala chachikulu. Khungu likasendeka ankaibwezera m'dothi n'kukwirira. "Sinakhwime," ankatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Kaya venda akweze mtengo, kaya alumbire kuti sadzapondanso pamenepo, iwo ankatola khasu n'kumufulatira.

Sanali munthu wansangala, ndipo palibe chifukwa chowanamizira. Anali aafupi, a mawu okhakhala, ndipo chikhadabo cha chala chokandiracho chinali chakuda chaka chonse. Amuna awo anamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakwatiwa kutali. Chimene anatsala nacho ndi munda, shedi, ndi mbewu.

Mbewuyo inali ya mtundu wochedwa kucha, yofiira khungu, ya maluwa ofiirira. Anabwera nayo ndi bambo awo iwo ali kamtsikana, ndipo pamsika inali itasiya kupezeka. Imeneyi umadzala mvula ikakhazikika, n'kuisiya m'nthaka miyezi isanu. Masamba akayamba kuuma umadula mitengo yake, mbatatesiyo n'kuisiya pansi masabata angapo kuti khungu lilimbe, ndipo umakumba mvula itatha, nthaka itauma. Ukatero imakhala m'shedi mpaka chaka chitembenuke. Ya mtundu wocha msanga ndi ina. Miyezi itatu yakwana, umakumba mvula ili mkati, khungu lake lili ngati pepala lonyowa. Wakumba lero, mawa ikhale ili pamsika kapena mumphika, chifukwa siigona.

Shedi ya a Sinakhwime inali ya matabwa okhomedwa motalikirana kuti mphepo ndi kuwala zizilowa. Mkatimo munali mathandala atatu, ndipo mbewu ankaiyala osasanjikiza, iliyonse kukula kwake ngati dzira la nkhuku. M'mawa uliwonse ankalowamo, kutembenuza, kununkhiza, kutaya yofewa. Ankafuna mphukira zazifupi zonenepa, osati zazitali zoyera ngati ulusi. Munthu wina aliyense ankathera pakhomo.

Munda wa bambo awo unali pamtsetse: kumtunda miyala, kumunsi dothi lakuda lofewa. Mkuluyo atadwala matenda ake omaliza, sanafune kuti ana ake awiri adzadane chifukwa wina walandira miyala wina dothi. Choncho sanaudule pakati. Mizere inali yopingasa mtsetse, ndipo iye anati woyamba kumtunda ndi wa mwana wamkazi, wachiwiri wa mwana wamwamuna, wachitatu wa wamkazi, chonchobe mpaka kumunsi. Anthu anayamikira nzeru za malemuwo. Palibe anafunsa kuti zidzatha bwanji tsiku limene awiriwo adzafune mbewu zosiyana.

Kwa zaka zambiri funsolo silinabwere. Mlongo wawo wa a Sinakhwime, amene anamulera okha mayi awo atamwalira iye akuyamwa, anapita kutauni n'kukayendetsa lole ya kampani ina, ndipo aliyense ankangomutchula kuti Dalaivala. Mizere yonse ankalima ndi achemwali ake, n'kumamutumizira matumba ake osachotsapo ndi limodzi lomwe. Kenaka kampani ija inatsekedwa. Dalaivala anabwerera kwawo ndi mkazi, ana atatu, wailesi ndi matiresi opinda pakati. China chilichonse anali atagulitsa kuti alipire lendi.

Chaka chimenecho a Sinakhwime anagawa mbewu pakati, theka lawo, theka la mlongo wawo. Mvula itangokhazikika kunabwera uthenga wakuti mwana wawo, amene anali woyembekezera, watupa miyendo ndipo agonekedwa kuchipatala. Anadzala mizere yawo mothamanga, n'kumusiyira Dalaivala kiyi wa shedi.

"Thandala lapakati ndi lako. Dzala mawa, mphukira zikuyang'ana kumwamba. Usathyole."

"Achemwali, ndinabadwira m'munda womwewu."

"Unabadwiramo, koma unakulira pachiwongolero."

Kumwanako anakhalako mwezi ndi kanthu. Tsiku lobwerera, atatsika basi anadzera kumunda asanafike kunyumba, chikwama chili pamutu. Ali patali anaona kuti mtsetse wonse wachita mizeremizere ngati nsalu. Mzere wina wamtali, wayera mbuu ndi maluwa, wotsatira waufupi, wobiriwira, wopanda ndi duwa lomwe. Mbewu yawo sinatulutsepo duwa loyera chibadwire chawo. Anatsitsa chikwama, n'kuima pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Dalaivala anamupeza kuseri kwa nyumba yake akumata chubu cha njinga. Mkazi wake anali pambali akutsuka mbale.

"Mbewu ndinakusiyira ija ili kuti?"

"Mwafika, achemwali? Kuli bwanji kumeneko?"

"Wabereka wamwamuna, onse ali bwino. Mbewu ili kuti?"

Dalaivala anapaka guluu pachigamba, n'kuuzira, n'kuuziranso. "Ndinasinthanitsa kumsika. Thumba kwa thumba, sindinaluze kanthu."

"Ndi yani?"

"Munthu wina wa lole, wodutsa."

"Wodutsa. Mbewu ya bambo wako yakwera lole ndi munthu amene ngakhale dzina lake sulidziwa."

Mlamu wawo anaseka pang'ono, manja ali m'madzi. "Koma alamu, mbewu yanu ijanso. Munthu kudzala ali ndi pakati, kudzakumba mwana akukwawa."

"Inu alamu, tsukani mbale. Za m'nthaka mudzayankha mukadzasiya kuopa nyongolotsi."

Dalaivala anaika chubu pansi. "Achemwali, yang'anani m'nyumbamu. Thumba la ufa lafika pamakwinya. Ana anga adya chiyani miyezi isanu? Iyi ikangokwana miyezi itatu ndikumba, pamsika mbatatesi ikusowa. Ndalakwa kufuna kudyetsa ana?"

"Ukanandiuza. Ndikanakudulira ngodya ya kumunsi udzale changu chakocho pachokha."

"Mukanakana."

Apa Dalaivala sananame kwenikweni. A Sinakhwime akanakana tsiku loyamba, n'kumutukwana lachiwiri. Mwina lachitatu akanamudulira ngodyayo, koma iye sanafune kudutsa masiku awiri oyambawo.

"Chabwino, wadzala," anatero mayiwo. "Tsopano undiuze. Ukamakumba iweyo, yangayo idzakhala ikungoyamba kumene kuika. Udzaponda pati? Khasu lako likagwa, dothi ligumuka pamzere wa yani? Mvula ili mkati, matope okhaokha, mitengo yanga yothyokathyoka, matenda a chiwawu adzalowera pati ngati si pamabala amenewo?"

"Ndidzakumba ndekha. Ngakhale ndi manja, ngati mukufuna."

"Theka la mbewu wapatsa wodutsa. Theka lotsalalo lonse lili m'nthaka, lagona pakati pa mizere yako. M'shedi mulibe ndi imodzi yomwe. Zikaonongeka izi, mtundu watha. Wamva?"

"Ndamva, achemwali. Ndanena kuti ndidzakumba ndekha."

Masabata otsatirawo a Sinakhwime ankalawirira kumunda kukakwezera dothi mizere yawo, kuikulitsa kuti tsiku loipalo likadzafika idzakhale ndi chotchinga. Ntchitoyo inali yosautsa chifukwa mitengo ya Dalaivala inali itatambalala mpaka m'ngalande, ndipo ankachita kuinyamula ndi dzanja limodzi kuti khasu lidutse. Sanathyole ndi umodzi womwe. Ankaitukwana, koma osaithyola. Mlongo wawo akapereka moni ankayankha ndi mphuno.

Mvula inachuluka chaka chimenecho. Tsiku lina m'mawa a Sinakhwime anapita kusitolo ya kumsewu waukulu kukagula mankhwala opopera chiwawu, ndipo wogulitsa anachedwa kutsegula. Pobwerera dzuwa lili pamutu, anaona lole itaima pansi pa munda. Venda anali atakoloweka sikelo pamtengo, ndipo Dalaivala anali naye pomwepo, mutu uli mu injini ya loleyo, akumufotokozera chimene chimaichititsa kutsokomola. M'mundamo munali gulu la aganyu, makasu akukwera ndi kutsika.

Botolo la mankhwala linagwa m'manja. Sanathamange kuyambira amuna awo atamwalira, koma tsiku limenelo anathamanga.

Aganyuwo ankalipidwa pa thumba, ndipo munthu wolipidwa pa thumba sayang'ana duwa. Anayambira kumunsi ndipo anali atafika pakati pa mtsetse. Mizere ya Dalaivala inali itasanduka maenje. Ya a Sinakhwime ina anaigumula mbali zonse ziwiri n'kuisiya yopyapyala, mizu ili pamtunda, ina anaikumba yonse. Mitengo ya maluwa ofiirira inali itapondedwa m'matope. M'ngalande munali timbatatesi tofiira mbwee, tating'ono ngati mazira a nkhunda, totayidwa chifukwa venda sangatigule.

A Sinakhwime anakaima kutsogolo kwa khasu la amene ankatsogolera.

"Mayi, chokani pamenepo, ndikutemani phazi."

"Tema. Ndiye ukaliike m'thumba, likalemere pasikelo."

Mwamunayo anatsitsa khasu. "Ife anatiuza kuti mzere wina tizilumpha. Tayesa ndithu. Koma mayi, mizere yothinana chonchi, masamba olukanalukana, munthu adziwa bwanji kuti uwu ndi wa uje? Amene anadzala chonchiyu ndiye mumufunse."

Mayiwo anadziwa kuti wanena zoona. Anawerama, n'kudzaza nsalu yawo ndi timbatatesi tija, n'kutsetsereka kupita kulole. Atafika anatikhuthulira pamapazi pa Dalaivala.

"Manja ako aja ndi amenewa?"

Dalaivala anatulutsa mutu mu injini, manja ali bii ndi oilo. Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana kumunda. "Achemwali, ndinawauza. Abwanawa anati lole siingadikire munthu mmodzi akumbe yekha. Ndinawauza kuti azilumpha."

"Unawauza uli kuti? Mu injini?"

Venda anaponda kambatatesi kamodzi ndi nsapato, kakhungu n'kusendeka. "A Sinakhwime, musapse mtima, ndi tating'ono tokhatokha. Ndiponyereni m'thumba, ndikapatsa nkhumba zanga."

"Iwe, sindikulankhula nawe. Nkhumba zako zimadya bwino kuposa alimi amene umawabera pasikelo yakoyo." Anatembenukiranso kwa mlongo wawo. Mawu awo sanakwere, anangolemera. "Ndinakubereka kumsana uku ndili mwana inenso. Unkandikodzera tsiku ndi tsiku, anzanga akundiseka kuti ndimanunkha. Sindinakutsitse. Mkodzo uja unkauma. Izi wandichita lerozi siziuma."

"Achemwali, pali anthu pano."

"Amve. Sunachite manyazi kuwalowetsa m'munda, uchite manyazi kuti amva? Zaka zonse zija uli kutauni, ndani ankatembenuza mbewu m'shedi? Ndani ankakutumizira matumba, iwe n'kumangoimba foni kuti yachaka chino yachepa kukula? Sunayambe wafunsapo kuti mbatatesi imakhala nthawi yaitali bwanji m'nthaka. Umaiona ngati katundu wapalole, kukweza ndi kutsitsa. Wabwera dzulo, lero wandithera mtundu."

Dalaivala ankangopukuta manja pathalauza, oilo osachoka.

"Anthu akowa atuluke m'munda. Kumtunda kotsalako ukumba wekha monga unanenera, ine nditaima pomwepo."

Venda anadandaula kuti lole yake ipita yosadzaza, kuti mafuta akwera, kuti sadzabweranso. A Sinakhwime anamufulatira monga mwa masiku onse. Aganyu anasenza makasu awo n'kumapita akung'ung'udza.

Kumtundako Dalaivala anakumba yekha pafupifupi mlungu wathunthu, atagwada, akupalasa ndi kakhasu kakang'ono kuchokera pakati pa mzere wake. Achemwali ake ankamutsatira pambuyo n'kumabwezera dothi pamzere wawo. Manja a pachiwongolero aja anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Mayiwo anaona, n'kupitiriza kubwezera dothi. Mkazi wake ankagulitsa mbatatesiyo pabeseni kumsewu, ndipo ana anadya, anakhuta. Zimenezonso n'zoona.

Koma mvula sinaleke. Pasanapite nthawi masamba a kumunsi, othyoka aja, anayamba mawanga akuda, ndipo m'mawa munthu ankamva fungo la zowola asanalowe m'munda. A Sinakhwime anapopera, mvula n'kutsuka. Anapoperanso, n'kutsukanso. Chiwawu chinayamba kukwera mtsetse mzere ndi mzere. Ankadziwa chochita, ndipo chinkawawawa ngati kudzidula chala: kudula mitengo yonse nthawi isanakwane kuti matenda asatsikire kumizu. Munthu amene moyo wake wonse ankabweza mavenda kuti sinakhwime, anatenga chikwanje n'kudula yekha mbatatesi yake kutatsala mwezi wathunthu. Mitengoyo anaitutira kunja kwa munda n'kuikwirira m'dzenje. Mlamu wawo anabwera kuti athandize kututa.

"Alamu, ndinyamuleko."

"Mwanyamula kale zokwanira. Pitani."

Anadikira kuti khungu lilimbe ndi nthaka iume, kenaka anakumba okha. Kumunsi khasu linkangotulutsa phala lonunkha. Pakati, imodzi yabwino, zitatu zowola, ina yobiriwira chifukwa inapsa ndi dzuwa mzere utagumuka. Kumtunda kokha, kumiyala kumene madzi sakhalitsa, ndiko kunatuluka yamoyo, yaing'ono koma yolimba. Iliyonse ankaikanda ndi chala asanaiponye mudengu. Atayala m'shedi, inadzaza thandala limodzi ndi kachigawo ka lachiwiri. Yonseyo inali mbewu. Yodya panalibe, yogulitsa panalibe.

M'chilimwe anthu anaona a Sinakhwime akututa miyala kumtunda kwa munda, pamutu, umodziumodzi, n'kumaindanda mopingasa pakati pa mtsetse. Mzere wa miyalawo utafika mbali ina, anatuma uthenga kuti Dalaivala abwere.

"Kuyambira lero munda uli pawiri. Kumunsi nkwako, udzale chimene ufuna, ukumbe tsiku limene ufuna, ndi aganyu kaya ndi thirakitala. Ine ndatenga miyala."

"Koma bambo anati mzere wanu, mzere wanga."

"Bambo anauza iwe ndi ine. Mbatatesi sanaiuze."

"Ndiye tengani kumunsi inuyo, achemwali. Dothi labwino lili kumeneko. Wolakwa ndine."

"Dothi lako labwinolo ndi limene landiwoletsera mbewu. Miyalayi ndiyo yandisungira. Usandiphunzitse."

Mvula itabweranso, aliyense anadzala mbali yake, iye yoyera maluwa, iwo yofiirira. Chaka chimenecho chinawavuta a Sinakhwime. Kale nyengo imeneyi m'shedi munkakhala mbatatesi yodya mpaka yatsopano itatsala pang'ono, koma tsopano mathandala anali mbee. Anagulitsa nkhuku, kenaka mbuzi. Ankadya kamodzi patsiku, ndipo sanauze munthu, ngakhale mwana wawo. Kumunsi kwa miyala, ya Dalaivala inachita bwino kwambiri pamunda wakewake, ndipo itakwana miyezi itatu anaikumba osaponda cha munthu.

Madzulo a tsiku lokumbalo mlamu wawo anafika ndi beseni lodzaza pamutu. Analitula pakhonde n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, ngati munthu wopatsa chakudya galu woluma.

"Akuti mulaweko, alamu. Musaope, yachangu siipha."

A Sinakhwime anatenga imodzi n'kuikanda. Khungu linasendeka lonse n'kumatirira kuchala. Anaiyang'ana nthawi yaitali. M'nyumba munalibe kanthu kuyambira dzulo lake.

"Siyani pomwepo. Beseni mudzatenga mawa."

Anaphika, anadya, ndipo inali yokoma, zimene zinawapsetsa mtima koposa. Beseni analibweza lotsuka, opanda mawu.

Yawo anaisiya miyezi isanu yathunthu. Anadula mitengo nthawi yake, anadikira, anakumba nthaka itauma. Miyala siibereka ngati dothi lakuda, komabe mathandala awiri anadzaza, n'kutsalako yodya. Pofika nthawi imeneyo kwa Dalaivala kunalibe mbatatesi ndi imodzi yomwe. Imene anayesa kusunga inali itafota n'kumera ulusi. Tsiku lina m'mawa anafika pashedi, n'kuima pakhomo pamene aliyense ankathera, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, ndimati chaka chino ndidzaleko yanuyi kungodya ina. Yosunga. Ngakhale kadengu kamodzi."

A Sinakhwime anapitiriza kutembenuza mbewu, msana uli kwa iye.

"Kadengu kamodzi ukakapatse wodutsa uti?"

"Sindingabwerezenso."

"Unanenanso kuti udzakumba wekha." Anatola imodzi yofewa n'kuiponya panja, n'kudutsa pafupi ndi phazi lake. "Chaka chino ayi. Ukabwere kumiyala kuno, udzakwezere dothi ndi ine, udzadule mitengo ndi ine, udzakhale pansi masabata aja munthu amangoyang'ana munda wopanda masamba, venda akuliza hutala kumsewu. Ndikaona kuti wapirira osafukula, tidzakamba."

"Ndiye chaka chinanso chathunthu chimenecho."

"Eya. Ndi yochedwa."

Dalaivala anavala chipewa chake. Kenaka anatsetsereka kulowera mbali yake. A Sinakhwime anakoka chitseko cha shedi, n'kukhoma loko, kiyi n'kumangirira pansonga ya nsalu yawo.